Kachitsulo kamene kanaimitsa pikapu yodzaza chambo: Physics ya pansi pa galimoto

Amene munakwerapo matola kuchoka ku Monkey Bay kupita pa boma la Mangochi mwina mukulidziwa phokoso ili. Galimoto ikangothamanga pang'ono, pansi pa mapazi pamayamba kulira kuti "huuuu", kenako mpando umanjenjemera ngati mwakhala m'chigayo. Dalaivala amangokweza wailesi basi. Ine tanthauzo la phokosoli ndinalidziwa ndili Fomu 3, Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Amalume anga ankagula nsomba kwa asodzi a ku Msaka ndi ku Malembo n'kumakagulitsa ku Limbe. Tsiku limenelo pikapu yawo inali itasenza chambo ndi utaka zaziwisi, zothiridwa ayisi. Titadutsa pa Makawa, kulira kuja kunasanduka kugogoda: gu! gu! gu! Tinayenda ngati tikuperekeza maliro mpaka pa galaja ina kufupi ndi boma. Makaniko, bambo wachikulire ndithu, anagona pansi pa galimoto, n'kugwira chipaipi chachitali chimene chili pakati, n'kuchigwedeza.

"Achimwene, centre bearing yatha iyi. Mukakakamira, ku Liwonde simukafika."

Amalume anayang'ana dzuwa, kenako anayang'ana madzi amene ankadontha kumbuyo kwa galimoto. Ayisi anali akusungunuka. Mpamba wawo wonse unali m'mabokosi amenewo, ndipo fizi yanga ya teremu yotsatira inalinso momwemo.

Maola awiri otsatirawo ndinaona mitu inayi ya Physics ikugwira ntchito pamaso panga: friction, moments, circular motion ndi kufutukuka kwa zitsulo zikatentha. Lero tiyeni tilowe limodzi pansi pa pikapu.

Mphamvu imayenda bwanji kuchoka ku injini?

Pa mapikapu ambiri amene timawaona kuno, monga Toyota Hilux, Nissan Hardbody ndi Isuzu KB, injini ili kutsogolo koma matayala okankha galimoto ali kumbuyo. Mphamvu imachoka mu injini, kudutsa pa kalatchi, kulowa mu giyabokosi. Kuchoka apo iyenera kufika ku difu, chimpira chachitsulo chija chili pakati pa matayala akumbuyo. Chimene chimalumikiza giyabokosi ndi difu ndi chipaipi chozungulira chotchedwa propshaft. Ena amati driveshaft.

Kodi chimazungulira mwachangu bwanji? Tiyeni tiwerengere. Tayala la pikapu likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.3. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 80,000 pa ola. Tikagawa 80,000 ndi 2.3, kenako ndi mphindi 60, tipeza kuti tayala limazungulira ka 580 pa mphindi. Magiya a mu difu amachepetsa liwiro pafupifupi kanayi, ndiye kuti propshaft imazungulira kanayi tayala likamazungulira kamodzi: 580 × 4 = 2,320 pa mphindi, kapena ka 39 pa sekondi imodzi. Kuchoka pa boma kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita oposa 60. Pa ulendo umodzi wokhawo chipaipichi chimazungulira koposa ka 100,000.

Vuto lina n'lakuti giyabokosi inamangidwa ku chasisi, pamene difu imakwera ndi kutsika ndi masipuling'i galimoto ikamadumpha mabampu. Choncho propshaft iyenera kupindika uku ikuzungulira. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mfundo zooneka ngati mtanda, zotchedwa universal joint, zimene amakaniko ambiri amangoti cross. Dzina lina ndi Hooke's joint. Inde, ndi Robert Hooke yemwe uja wa Hooke's law, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1635 mpaka 1703. Iye anapanga mfundo zoterezi ndipo anaona chinthu chimene tichifune kutsogoloku: mfundo imodzi ikapindika, mbali yotulukira siizungulira mofanana. Imafulumira n'kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse. Mfundo yachiwiri ndi imene imakonza zimenezi, koma pokhapokha ngati yayang'ana moyenera poyerekeza ndi yoyamba ija. Sungani mfundo imeneyi.

N'chifukwa chiyani chipaipicho anachidula pawiri?

Tengani nsungwi yaitali, muigwire kumapeto ndi mnzanu, muyese kuizunguza mwachangu. Pakati pake pamayamba kupanga mimba ngati chingwe chodumphira. Idulani pakati, muyeserenso. Yaifupiyo imazungulira bwinobwino.

Chitsulo nachonso chimatero. Shaft iliyonse ili ndi liwiro lake limene ikafikapo imayamba kukwapula mwamphamvu. Mainjiniya amalitcha critical speed, ndipo William Rankine wa ku Scotland analemba za nkhaniyi kale mu 1869. Chosangalatsa n'chakuti liwiro limeneli limadalira utali wochulukitsidwa ndi utali womwewo. Mukadula utali pakati, liwiro loopsalo limakwera kanayi, osati kawiri. N'chifukwa chake pa mapikapu aatali amaika mapaipi awiri aafupi m'malo mwa limodzi lalitali. Koma pamene awiriwo akumana pamafunika chowagwira kuti asagwe. Chogwiracho ndiye centre bearing.

M'kati mwa bearing muli chiyani?

Muli mikombero iwiri yachitsulo, wamkati ndi wakunja, ndipo pakati pake pali timipira tachitsulo tosambira mu girizi. Mkombero wamkati umagwira shaft zolimba n'kumazungulira nayo. Wakunja suzungulira. Mbali zonse ziwiri kuli tizivindikiro totsekera girizi m'kati ndi kutchinga fumbi. Zonsezi zimakhala m'kati mwa labala wochindikala, ndipo labalayo ali m'chitsulo chomangidwa ku chasisi ndi mabawuti awiri.

Timipirato ntchito yake ndi kuchepetsa friction, kukhulana kwa zinthu ziwiri. Munaonapo asodzi akukokera bwato la matabwa kumtunda? Akalikoka pa mchenga weniweni pamafunika anthu ambiri, koma akaika mitengo yobulungira pansi pake limayenda mosavuta. Kugubuduzika kumadya mphamvu yochepa kwambiri kuposa kukhwekhwereza. Nzeru imeneyi ndi yakale. Philip Vaughan wa ku Wales analembetsa bearing ya timipira mu 1794, ndipo mu 1907 Sven Wingquist wa ku Sweden anapanga mtundu wina umene unayambitsa kampani ya SKF, imene dzina lake mungalione pa mabokosi m'mashopu a masipeya.

Nanga labala? Iye amameza kunjenjemera kuti kusafike pa mpando wanu, komanso amalola shaft kusuntha pang'ono galimoto ikamadumpha.

Chimapha bearing kuno kunyanja n'chiyani?

Choyamba ndi mchenga ndi fumbi. Msewu wa ku Makanjira, umene mbali yaikulu wakhala wafumbi kwa zaka zambiri, ndi timisewu tolowera m'madoko, timathira mchenga pansi ponse pa galimoto. Kachivindikiro kakangong'ambika, mchenga umasakanikirana ndi girizi n'kukhala ngati phala lonolera. Timipira timayamba kudyeka.

Chachiwiri ndi madzi. Bearing ikamagwira ntchito imatentha, ndipo mpweya wa m'kati mwake umafutukuka. Dalaivala akalowetsa galimoto mumtsinje, bearing imazizira mwadzidzidzi, mpweya uja umabwerera, ndipo madzi amayamwidwa kudzera pa chivindikiro. Patapita masabata, dzimbiri layamba. Nthawi ya mvula yamphamvu, monga ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 pamene milatho yambiri ya kummwera inakokoloka, magalimoto ambiri ankawoloka m'madzi. Onjezaninso madzi a ayisi ndi a nsomba amene amadontha tsiku ndi tsiku.

Chachitatu ndi katundu wopyola muyeso. Masipuling'i akaphwa, mfundo zija zimapindika mosiyana ndi mmene anakonzera, ndipo zimakankhira shaft m'mbali. Ganizirani pikapu yodzaza matumba, itawoloka mlatho wa Bakili Muluzi, ikukwera mapiri a ku Namwera pa giya yoyamba. Mphamvu yopotokola imakhala yaikulu zedi, ndipo labala uja ndi amene amalandira nkhonya zonse.

Chachinayi ndi kutentha ndi oyilo. Labala akakalamba pa kutentha kwa ku Mangochi kuno amauma n'kuchita ming'alu, ndipo oyilo wodontha kuchokera ku giyabokosi amamufewetsa mpaka kuphwanyika.

Milimita imodzi yokha, vuto lili pati?

Apa ndi pamene circular motion imalowa. Chinthu chikamazungulira chimafuna mphamvu yochikokera pakati, ndipo timaiwerengera motere: F = mω²r. Tapeza kale kuti shaft imazungulira ka 39 pa sekondi, ndiye ω = 2π × 39, pafupifupi 245 rad/s, ndipo ω² ndi pafupifupi 60,000.

Tiyerekeze kuti shaft yolemera makilogalamu 10 yachoka pakati ndi milimita imodzi yokha, imene ndi mamita 0.001. F = 10 × 60,000 × 0.001 = 600 N. Imeneyi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Tsono taganizirani thumba limenelo likukoka bearing kumwamba, kumbali, pansi, kumbali inayo, ka 39 pa sekondi iliyonse. Ndiye "gu! gu! gu!" uja. Onaninso kuti ω yachulukitsidwa ndi ω yomwe, choncho liwiro likawirikiza kawiri mphamvuyo imawirikiza kanayi. Pamenepa mwaona chifukwa chimene tinayendera pang'onopang'ono kuchoka pa Makawa.

Zizindikiro za bearing yakufa ndi zitatu: kulira kumene kumakula ndi liwiro la galimoto osati la injini, kunjenjemera ponyamuka makamaka galimoto italemedwa, ndi kugogoda pansi pa mpando. Mukazinyalanyaza, labala amatha kuduka, shaft n'kuyamba kumenya chasisi. Ikathothoka galimoto ikuthamanga imatha kuboola thanki, kudula mapaipi a mabuleki, kapena kuzika pamsewu n'kugubuduza galimoto yodzaza anthu.

Kuichotsa: sitepe yoyamba ndi moyo wanu

Ndinene poyera, anzanga: ntchito iyi si yoyesera nokha kunyumba. Werengani kuti mumvetse, ndipo mukafuna kugwira, pakhale mmisiri wodziwa.

Makaniko uja asanagwire sipanala anatuma mnyamata wake kuti aike miyala ikuluikulu kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Ndinafunsa chifukwa, poti galimoto inali m'giya.

"Iwe mnyamata, giya imagwira matayala kudzera pati?" anandifunsa.

Ndinaganiza pang'ono. "Pa propshaft, bambo."

"Nanga tikaichotsa?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Propshaft ikachoka, giya ilibenso ntchito. Pa magalimoto ena, monga Land Rover Defender ndi malole ena ang'onoang'ono, ngakhale handibuleki imagwira shaft osati matayala, moti mukachotsa shaft mwachotsanso handibuleki. Lamulo lina: osalowa pansi pa galimoto imene yakwezedwa ndi jeke yokha. Pamafunika masitandi achitsulo, ndipo pa dothi lamchenga ngati lathu pansi pa sitandi pakhale thabwa lochindikala. Pressure ndi force kugawa ndi area. Thabwa limakulitsa area kuti sitandi isamire. Dikiraninso kuti ekizozi izizire, chifukwa imadutsa pafupi pomwepo.

Sitepe yachiwiri: zizindikiro

Makaniko anatenga penti yoyera n'kujambula mzere pamalo atatu: pamene shaft yakumana ndi difu, pamene mapaipi awiri akumana, ndi cha ku giyabokosi. Amalume anali akuyenda uku ndi uku.

"Bwana, tikujambula zithunzi kapena tikukonza galimoto? Nsomba zikuonongeka!"

"Achimwene, mukandifulumizitsa apa mubweranso mawa," anayankha osadzutsa mutu.

Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi cha Hooke chija: mfundo ziyenera kubwerera mmene zinayang'anirana, apo ayi kufulumira ndi kuchedwa kuja sikuthetsana, kumaphatikizana. Chachiwiri, ku fakitale shaft yonse anaiyeza ili yolumikiza, n'kuwotcherera tizitsulo ting'onoting'ono kuti kulemera kufanane mbali zonse. Mukayang'ana pa chipaipicho mutiona. Mukalumikiza mozondoka mwasokoneza muyeso umenewo. Kachitsulo ka magalamu 20 kokha, pa mtunda wa mamilimita 35 kuchokera pakati, kamakoka ndi mphamvu ya 0.02 × 60,000 × 0.035 = 42 N. Bearing yatsopano singakhalitse.

Sitepe yachitatu: kutsitsa shaft

Anamasula mabawuti anayi a ku difu, mnyamata wake atachirikiza chipaipicho kuti chisagwe. Kenako anamasula mabawuti awiri a centre bearing, n'kusunga mawashala ake mwadongosolo, chifukwa pa magalimoto ena mawashalawo ndi amene amakonza kutalika kwa bearing. Pomaliza anasolola mutu wa kutsogolo mu giyabokosi n'kutseka bowolo ndi nsalu yoyera yokulunga m'pulasitiki kuti oyilo asatayike ndipo fumbi lisalowe. Pa mapikapu ena, makamaka okoka matayala onse anayi, kutsogolo nakonso kumakhala mabawuti. Shaft anaigoneka pa benchi mosamala. Chipaipichi n'chopyapyala, chikangophwanyika pang'ono chatha ntchito.

Sitepe yachinayi: nati yokanika

Atalekanitsa mapaipi awiriwo, panaoneka nati yaikulu kumapeto kwa paipi yakutsogolo. Nati imeneyi imakanikiza chimbale cholumikizira pamodzi ndi bearing. M'mphepete mwake amakhala atakhomera mu kamzera kuti isamasuke yokha, choncho anayamba wawongola pokhomedwapo ndi tchizulo chaching'ono. Anamanga chimbalecho mu vayisi, osati paipi, n'kuika sipanala. Nati osasuntha. Anatenga paipi ya madzi yotalika mita imodzi n'kuiveka pa sipanala. Kukoka kamodzi, nati inalira kuti "kwe!" n'kumasuka.

Palibe zamatsenga apa. Moment ndi force kuchulukitsa ndi distance. Tiyerekeze kuti natiyo ikufuna 180 Nm. Ndi sipanala ya mamita 0.25 mukufunika 180 ÷ 0.25 = 720 N, ngati kunyamula munthu wamkulu ndi dzanja limodzi. Ndi paipi ya mita imodzi mukufunika 180 N yokha, ngati kunyamula ndowa ya madzi.

Sitepe yachisanu: kuzula bearing

Apa ndi pamene pali ntchito. Bowo la mkombero wamkati amalipanga dala locheperako kuposa shaft, ndi kagawo kakang'ono kwambiri, pafupifupi mamilimita 0.01 kapena 0.02. Tsitsi limodzi ndi lokhuthala kangapo kuposa pamenepa. Mkomberowo amaukakamiza kulowa, ndipo umatanuka pang'ono n'kufinya shaft. Friction imene timadana nayo pa timipira ndi yomweyo imene tikuifuna apa. Dzimbiri likalowapo, awiriwo amakhala ngati anawotchereredwa.

Chida choyenera ndi puller. Ili ndi zala ziwiri kapena zitatu zokola kumbuyo kwa bearing, ndi bawuti yaitali pakati yokankha nsonga ya shaft. Iyi ndi screw ya mu mutu wa machines. Ngati mazinga ake atalikirana mamilimita 2 ndipo sipanala yanu ndi ya mamita 0.3, dzanja lanu limayenda 2π × 300 = mamilimita 1,885 kuti bawuti iyende mamilimita 2. Velocity ratio ndi pafupifupi 940. Ngakhale friction itadya magawo anayi mwa magawo asanu, mechanical advantage imatsala pafupifupi 190. Mukakoka ndi 100 N, bearing ikumva pafupifupi 19,000 N, ngati kulemera kwa matani awiri.

Pa galimoto ya amalume, puller inazula labala, mkombero wakunja ndi timipira todyekadyeka, tina tofiira ndi dzimbiri. Koma mkombero wamkati unatsalira pa shaft, ndipo zala za puller zinalibe pokola. Amalume anatola hamala.

"Ayi, achimwene, ikani pansi!"

Mukamenya nsonga ya shaft ndi hamala, mazinga amafutukuka ngati bowa ndipo nati silowanso. Mwapulumutsa mphindi khumi n'kutaya shaft yonse. Njira zabwino zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi moto. Chitsulo chimafutukuka pafupifupi 0.000012 ya utali wake pa digiri iliyonse. Mkombero wa mamilimita 30 ukatentha ndi madigiri 80 owonjezera umakula ndi 30 × 0.000012 × 80 = mamilimita 0.029, zokwanira kuti utaye shaft. Koma pali msampha. Muyenera kuutenthetsa mwachangu, mkombero wokhawo. Mukachedwa, kutentha kumalowa mu shaft mwa conduction, nayonso imafutukuka mofanana, ndipo mwabwerera pomwe munayambira.

Yachiwiri ndi imene makaniko wathu anasankha. Anavala magalasi, n'kutiuza tonse kuti tiime kutali. Ndi gulayinda anacheka kamzera mopingasa pa mkomberowo, mozama koma osafika pa shaft. Anaika tchizulo m'kamzerako, kumenya kawiri, ndipo tinamva "tha!" Mkombero unang'ambika n'kutuluka ndi zala. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo cha bearing n'cholimba kwambiri koma sichipindika, chimasweka ngati galasi. Komanso mkomberowo unali wokokeka kale chifukwa chofinya shaft, ndiye kamzera kaja kanangoupatsa poyambira kung'ambika. Ogulitsa magalasi a mawindo amachita chimodzimodzi: kukanda mzere, kenako kuthyola. Kusweka kumeneku n'kumene kumafunitsa magalasi a m'maso. Kachidutswa kakathetheka kamauluka ngati chipolopolo.

Kuika yatsopano

Mnyamata wa pa galaja anali atabwera kale pa kabaza ndi bearing yatsopano, atatenga yakale ija kukafananitsa ku shopu. Makaniko anapukuta shaft ndi sandipepa wosalala, n'kupaka girizi pang'ono. Anaonetsetsa mbali imene iyenera kuyang'ana kutsogolo, chifukwa zambiri sizifanana mbali ziwirizi. Kenako anatenga kapaipi kokwana ndendende pa mkombero wamkati, n'kumagogoda pang'onopang'ono mpaka bearing inakhala pamalo pake.

Bwanji osagogoda kunja? Mukamenya mkombero wakunja, mphamvu yonse imadutsa pa timipira. Kampira kamakhudza mkombero pa kadontho kakang'ono kwambiri. Area yochepa, pressure yaikulu, ndipo mumatsala timaenje m'njira ya timipira. Bearing yoteroyo yafa isanayende n'komwe. Vutoli amalitcha brinelling, kuchokera kwa Johan August Brinell wa ku Sweden, amene mu 1900 anayambitsa njira yoyezera kulimba kwa zitsulo pokanikiza kampira n'kuyeza dzenje lake. Dziwaninso kuti bearing yatsopano saiotcha pamoto, poti ili ndi labala ndi girizi.

Nati anaimanga ndi sipanala yoyeza mphamvu, torque wrench, motsatira buku la galimotoyo, n'kuikhomeranso m'mphepete. Anagwedeza cross iliyonse kuona ngati yayamba kusewera kapena kuuma, chifukwa nthawi zambiri cross yakufa ndi imene imapha centre bearing. Analumikiza zonse motsatira penti ija. Mabawuti awiri a bearing anawalimbitsa pomaliza, ataona kuti yakhala mowongoka ndipo labala sakukokeka mbali imodzi.

Tinanyamuka cha m'ma 2 koloko, titagula ayisi wina. Kudutsa Ulongwe, Liwonde, Zomba, pansi pa mpando panali zii. Ku Limbe tinafika kutada. Nsomba za m'mabokosi apamwamba zinali zitafewa ndipo anazigulitsa motchipa, koma zambiri zinapulumuka, ndipo fizi inapezeka. Pobwerera amalume anaulula okha.

"Mphwanga, phokoso lija linayamba masabata atatu apitawo. Ndimati lisiya lokha."

Ndalama imene anataya pa nsomba zofewazo inaposa mtengo wa bearing.

Yesani izi nokha

Tembenuzani njinga, muzunguze tayala lakutsogolo, muike chala pa foloko. Ngati mukumva kukhadzuka, timipira ta mu habu tayamba kudyeka. Kenako mangani kamwala pa sipoko imodzi kufupi ndi limu, muzunguzenso pang'onopang'ono, kenako mwachangu. Onani mmene njinga ikudumphira liwiro likamakwera. Imeneyo ndi F = mω²r. Mukapeza botolo lagalasi la chivindikiro chachitsulo chokanika, thirani madzi otentha pa chivindikiro chokhacho kwa masekondi ochepa, mutsegule. Fotokozani m'kope mwanu chimene chachitika.

Mafunso a kunyumba

1. Tayala limayenda mamita 2.4 likazungulira kamodzi. Galimoto ikuyenda makilomita 72 pa ola, ndipo difu imachepetsa liwiro ka 4.5. Propshaft ikuzungulira kangati pa mphindi?
2. Nati ikufuna 150 Nm. Mukufunika mphamvu yochuluka bwanji pa sipanala ya mamita 0.3?
3. Mkombero wachitsulo wa mamilimita 35 watenthetsedwa ndi madigiri 70 owonjezera. Wakula bwanji?
4. Dalaivala wakweza liwiro kuchoka pa makilomita 30 kufika pa 90 pa ola. Mphamvu yogwedeza shaft yopindika yawirikiza kangati?

Mayankho, koma musaone musanayese: loyamba 2,250, lachiwiri 500 N, lachitatu pafupifupi mamilimita 0.029, lachinayi ka 9.

Amene mwaona kuti nkhaniyi yakukomerani, dziwani kuti umakaniko umaphunzitsidwa m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, monga Nasawa ku Zomba ndi Lilongwe Technical College, ndipo Physics ndi masamu a MSCE ndi amene amakutsegulirani khomo, anyamata ndi atsikana omwe. Nonsenu, tsiku lina mukadzakwera matola n'kumva pansi pakulira "huuuu", tcherani khutu. Dalaivala akasintha giya phokoso osasintha, koma likukula galimoto ikamathamanga, si injini imeneyo. Ndi chinthu chozungulira ndi matayala kapena ndi propshaft. Muuzeni mwaulemu kuti akaonetse kwa makaniko lero lomwe.